Timalemba ta mg, mcg ndi ppm pa katundu wanu

Amalonda anzanga a ku Milonde, tonse tikudziwa kuti kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000. Pogula nandolo kapena chimanga masamu amathera pomwepo. Koma tatengani paketi ya mchere kapena ya Panado mu hokala yanuyo, muona timalemba tating'onoting'ono: mg, mcg, ppm. Ambiri timangotidumpha, chonsecho timakhudza thumba lathu komanso moyo wa makasitomala.

Lamulo lake ndi limodzi basi. Mukamatsika kuchoka pa muyeso waukulu kupita pa wotsatira waung'ono, chulukitsani ndi 1,000. Mukamakwera, gawani ndi 1,000. Galamu imodzi ndi mamiligalamu 1,000, ndiwo amalembedwa mg aja. Miligalamu imodzi ndi mamayikulogalamu 1,000, omwe ena amalemba mcg, ena µg. Ndiye kuti m'galamu imodzi muli mamayikulogalamu 1,000,000. Panado wolembedwa 500 mg ali ndi mankhwala olemera theka la galamu, pomwe 500 mcg ndi theka la miligalamu chabe. Kachilembo kamodzi ka c kamasiyanitsa zinthu ka 1,000, choncho pa nkhani ya mankhwala musamayerekeze ndi maso.

Tsopano mchere. Malamulo a dziko lino amafuna kuti mchere wogulitsa ukhale ndi ayodini, yemwe amateteza chithokomiro ndiponso amathandiza ubongo wa mwana kukula bwino. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika 150 mcg za ayodini patsiku. Pa paketi amalemba ppm, kutanthauza mamiligalamu a ayodini pa kilogalamu iliyonse ya mchere. Tiyerekeze kuti alemba 30 ppm. Ndiye kuti 30 mg pa kilogalamu, kapena 30 mcg pa galamu. Munthu akadya magalamu 5 a mcherewo, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, wapeza 150 mcg zake zija.

Nanga thumba lonse la makilogalamu 20 lili ndi ayodini wochuluka bwanji? Chulukitsani 30 ndi 20, mupeza 600 mg. Galamu imodzi sikukwana! Ichi ndicho chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi chounjika mchere pabenchi tsiku lonse uli pululu. Chinyontho, ndipo kuno ku Mulanje mvula sitiyisowa, pamodzi ndi dzuwa zimachepetsa kanthu kochepa kaleko. Mangani thumba, tapani wokwanira tsiku limenelo.

Inu amene mumakaoda katundu ku Limbuli kapena kuwoloka pa Muloza kupita ku Milange, samalani ndi kalembedwe ka manambala. Pa katundu wolembedwa m'Chipwitikizi amaika koma pamene ife timaika kadontho. Mukaona 0,5 g ndi theka la galamu, ndipo 1.000 g ndi kilogalamu yathunthu, osati galamu imodzi. Mchere wa ayodini kumeneko amaulemba kuti sal iodado.

Ogula mtedza ali ndi muyeso wina waung'ono kuposa apa, wotchedwa ppb, womwe ndi mamayikulogalamu pa kilogalamu. Ndi umene amayezera poizoni wa chuku. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu wopitirira 4 ppb. M'thumba la makilogalamu 50 ndiye kuti 200 mcg, kapena 0.2 mg. Gawani miligalamu imodzi pasanu, gawo limodzi lokhalo likhoza kubwezetsa thumba lonse. Amene amawaza madzi mtedza kuti usavute kuswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, amapindula magalamu ochepa lero koma akuitana chuku chomwe chidzagwetse mtengo wa katundu yense.

Dziwaninso kuti palibe sikelo ya pamsika yomwe ingaone miligalamu. Yopachika ija ngakhale magalamu 10 siwazindikira, ndipo zambiri zamabatire zimadumpha ndi galamu imodzi kapena magalamu 5. Ngati mumamanga isiti, soda kapena kale m'timapepala ta magalamu 5, yezani magalamu 100 kamodzi, kenaka mugawe timilu 20 tofanana. Sikelo yanuyo ikhale yoti a Malawi Bureau of Standards anaiyeza n'kuidinda.