Phunziro la Mapu Akale a Mulanje

Tiyeni tilingalire za mapu akale a dziko lathu lino. Mapu ndiwo chithunzi cha dziko pa pepala, koma wojambula alembapo zokhazo zimene iye azisamala.

M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana kuti mtsinje wa Ruo ukhale malire ao. Mzere umodzi wa pa pepala unalekanitsa abale, ena tsidya lino, ena tsidya lija. Pambuyo pache mapu anasonyeza Fort Lister ndi Fort Anderson, malinga omangidwa mu 1893 kuletsa malonda a akapolo, ndiponso minda yaikulu ya Azungu imene Harry Johnston anaivomereza ndi makalata. Koma manda, masala ndi midzi yambiri ya makolo athu sizinalembedwe. Tsono nthaka yosalembedwa inayesedwa yopanda mwini, ndipo anthu ambiri okhala m'mindamo anagwira thangata.

Chifukwa chache tifunse akulu athu akali moyo maina a mitsinje, a zitunda, ndi malire a minda yathu, tiwalembe ndi kuphunzitsa ana. Pakuti chosalembedwa chilandidwa msanga.