PHUNZIRO LA UMOYO: KUPUMA MOFATSA TIKATHA KUDYA

Amayi anzathu, tikadya kondowole wa usipa wokazinga, kapena tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi, timati takhuta, ntchito yatha. Koma m'thupi ndi pamene ntchito imayamba. Shuga ndi mafuta zimachuluka m'magazi, ndipo kwa maola angapo mitsempha ya magazi siitanuka bwino monga mwa masiku onse. Kwa mtsikana sichinthu, imabwerera msanga. Kwa ife amene zaka zapita, makamaka a matenda a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, zikamachitika tsiku ndi tsiku mitsempha imalimba, ndipo mapeto ake ndi sitiroko. Kafukufuku wa boma wa mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse m'Malawi, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa.

Nanga kupuma kukulowa pati? Munthu wamkulu amapuma pakati pa ka 12 ndi ka 20 pa mphindi. Tikachepetsa dala kufika ka 6, mtima umayenda modekha, mitsempha imamasuka, ndipo BP imatsikako pang'ono. Mu 2001 dokotala wa ku Italy, Luciano Bernardi, anapeza kuti anthu onena korona m'Chilatini molandizana amapuma ka 6 pa mphindi osadziwa n'komwe. Kotero si zachilendo kwa ife amene tinazolowera kuimba nyimbo zodekha.

Tiyesere limodzi pano pa msonkhano. Tikhale pampando kapena pamphasa, msana uli chilili, chitenje titamasulako m'chiuno. Dzanja limodzi pamimba. Tikoke mpweya kudzera m'mphuno tikuwerenga mpaka 4, mimba itukuke, osati mapewa. Titulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Kutulutsaku ndiko kofunika, ndipo ambirife timakufulumiza chifukwa maganizo ali kale pa mbale zotsuka. Mbale sizithawa, amayi. Mphindi zisanu n'zokwanira poyamba. Amene wamva chizungulire aleke, apume monga mwa masiku onse.

Pano tisanamizane. Kupuma sikuchotsa mafuta amene tathira mu ndiwo, ngakhalenso masipuni anayi a shuga wa ku Dwangwa. Chimene chimatsitsa shuga m'magazi tikadya ndi kuyenda ndawala mphindi 10 kapena 15, kaya kupita ku mjigo kaya kukaona mpunga kudambo, m'malo mogona pakhonde. Mchere nawo usapose kasipuni ka tiyi kamodzi pa tsiku kwa munthu mmodzi, ndipo tikumbukire kuti nsomba zouma zina zimabwera nawo kale. Amene ali pa mankhwala a BP kapena a shuga asasiye n'kumati "ndayamba zopuma zija".

Msonkhano wa mwezi wamawa usanafike, mayi aliyense akapimitse BP pa chipatala cha Liwaladzi kapena ku St Anne's ku boma, ndipo manambala alembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Atsogoleri a magulu mukatenge ndi agogo aja amene sabwera okha.