PHUNZIRO LA ZAUMOYO: MOTO UMENE MOWA UMAYATSA M'CHIWINDI

Amayi anzanga, pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinasamalira abambo ambiri amene anabwera mimba itatupa ngati ya mayi woyembekezera, maso ali achikasu. Achibale amati walodzedwa, ena amati ndi tsempho. Koma pofunsa bwino timapeza kuti gwero lake ndi mowa wa zaka zambiri. Lero tiphunzire chimene chimachitika m'katimo.

Chiwindi ndi sefa ya thupi

Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanapite kwina. Chiwindi chimasunga chakudya ndi kuchotsa poizoni. M'menemo muli maselo olondera otchedwa Kupffer, dzina la katswiri wa ku Germany amene anawaona m'chaka cha 1876.

Mowa umachita zinthu ziwiri

1. Chiwindi pophwanya mowa chimatulutsa poizoni amene amavulaza maselo ake, ndipo mafuta amayamba kuunjikana.

2. Mowa umafoola khoma la matumbo. Poizoni wa tizilombo ta m'matumbo amadutsa, nalowa m'magazi mpaka kufika m'chiwindi.

Alonda aja akamuona amakuwa. Mfuu yao ndi timadzi ta uthenga, monga kotchedwa TNF, timene timaitana asilikali a m'magazi. Asilikaliwo amabwera ndi ukali, ndipo pomenya mdani amavulazanso chiwindi. Zili ngati anyamata otentha tchire pofuna mbewa: moto umapitirira mpaka kunkhokwe. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku mfuuyo siitha, motowo suzima. Pamene papsa pamabwera chipsera, ndipo zipsera zikachuluka chiwindi chimauma, magazi nalephera kudutsa bwino. Apa m'pamene madzi amadzaza m'mimba.

Chimene tisaiwale

Chiwindi sichilira msanga. Munthu amalima, kupita kumsika wa Nsaru kapena Mpingu, osamva kanthu, moto uli m'kati. Koma pali chiyembekezo: akasiya mowa pa nthawi ya mafuta ija, chiwindi chimabwerera mwakale m'masabata ochepa. Ngakhale zipsera zitayamba, kusiya kumatalikitsa moyo.

Ndi mowa wonse, kaya kachasu, masese kapena wa m'botolo. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma kachasu sanachoke m'midzi mwathu, makamaka fodya akagulitsidwa ku Kanengo. Dziwaninso kuti chiwindi cha mayi chimaonongeka ndi mowa wochepa kuposa cha bambo. Amene amatcheza kachasu asamale ndi kulawalawa.

Zoonjezera nkhuni pamoto

1. Matenda a chiwindi a Hepatitis B. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana kuno m'chaka cha 2002, choncho obadwa kale ambiri sanalandire. Tikayezetse.

2. Chuku cha mtedza ndi chimanga. Mtedza woola umene timausiya kunyumba tikagulitsa wabwino uli ndi poizoni woononga chiwindi. Tisasinjire ndiwo.

3. Kumwa Panado wambiri pofuna kuthetsa matsire, ndi mankhwala azitsamba osadziwika muyezo.

Thamangani kuchipatala mukaona izi

Maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, kutupa mimba ndi miyendo, kusanza magazi, chimbudzi chakuda, kapena kusokonezeka mutu. Musayambe mwachedwa kwa asing'anga. Pitani ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula, ku Nambuma kapena chipatala chimene muli nacho pafupi. Zikavuta adzakutumizani ku Kamuzu Central. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa angathe kunjenjemera, kuona zinthu zosaoneka ndi kukomoka. Mumuperekeze kwa adokotala.

Amayi, abambo akunyumba kapena mwana wanu akamamwa, musalankhule naye ali chiledzerere. Dikirani m'mawa, mumupatse phala, ndipo mumuuze mofatsa za moto uja. Kunyoza sikunasiyitsepo munthu mowa.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu munthu akatupa mimba, anthu amati chiyani?

2. Mayi amene amaphunzitsa ana ndi ndalama za kachasu tingamuthandize bwanji kupeza geni ina?

3. Ndani m'banja mwanu amene mulankhule naye sabata ino?