Mayi, nanunso muli ndi buku lanu la kuchipatala

Tsiku la sikelo mumadzuka kusanache. Mwana mwamusambitsa, mwamudzoza mafuta, buku lake mwalikulunga m'kajumbo kuti lisanyowe. Kuchipatala amupachika pa sikelo, alemba kulemera kwake, amubaya katemera, inu n'kumuponya kumsana, ulendo wa kunyumba. Palibe wakufunsani ngati munagona usiku wathawu. Buku lanu lija lili pansi pa sutikesi chichirireni.

M'kapepala aka tikulankhula ndi inuyo, mayi wa mwanayo.

Masiku a m'chikuta

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi akachira aonedwe ndi achipatala kanayi: pasanathe maola 24, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pakatha masabata 6. Ambirife mwana akangolira timati zatha, pamene masabata amenewa ndi oopsa kwa mayi.

Mukamataya magazi ambiri, thupi likatentha, kumusi kukamatuluka zonunkha, mutu ukamawawa kwambiri maso n'kumachita chidima, mukakomoka, mukamabanika popuma, kapena mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche, musadikire kuti bambo abwere kaye.

Ngati mkodzo ukungotuluka wokha chiberekereni, simunalodzedwe. Akhoza kukhala matenda a fisitula, ndipo amachizika ndi opaleshoni. Ku Bwaila mumzinda wa Lilongwe kuli malo ochizira matendawa. Anamwino a kwanuko akuuzani njira yake.

Mtima ukalemera

Pali matenda ena amene saoneka pa sikelo. Masiku oyamba mayi atha kumangolira osadziwa chomuliza, ndipo kawirikawiri zimatha zokha asanakwane masabata awiri. Koma masabata awiri akadutsa, inu mukadali chomwecho, tcherani khutu kwa thupi lanu. Mwana wagona, inu maso ali gwa. Nsima simukuimva kukoma. Mtima ukungothamanga. Anzanu akabwera kudzacheza mukulakalaka atapita msanga. Mwana akalira mukungomuyang'ana, kenaka n'kumadzida nokha kuti ndinu mayi woipa.

Awa ndi matenda a maganizo, amene ambiri timangoti kuganiza kwambiri. A WHO akuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amadwala matenda a mtunduwu ali woyembekezera kapena m'chaka choyamba atachira. Pa amayi 20 amene mwakhala nawo pamzere wa sikelo, mwina anayi akusenza katundu yemweyo mwakachetechete. Matendawa amayamba chifukwa thupi lasintha mwadzidzidzi, tulo takusowani, ndalama palibe, bambo ali ku Joni, kapena m'nyumba muli nkhanza. Si ulesi, si kusapemphera, ndipo si kusakonda mwana.

Amayi ambiri amatseka pakamwa poopa kuti anthu adzati apenga, awatengera ku Zomba. Ayi. Thandizo limayambira pachipatala chaching'ono cha kwanu komweko. Uzani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo momwe mukumvera, mmene mungafotokozere malungo. Ena amachira ndi uphungu wokha, ena amapatsidwa mankhwala, ndipo alipo mankhwala oti mayi woyamwitsa atha kumwa. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amathandiza odwala matendawa.

Mukayamba kuganiza zodzipha kapena zopweteka mwana, kapena kumva mawu amene ena sakuwamva, uzani munthu lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.

Popempha, tchulani ntchito

Patsiku la ukwati tinalangizidwa kuti banja n'kupirira, ndipo ena tinamva ngati akuti mkazi weniweni sadandaula. Choncho mayi wosokedwa dzana lija mumupeza pa mjigo, ndowa kumutu. Kupirira kotereku kwatilanda amayi ambiri.

Anthu amafuna kuthandiza, koma sadziwa poyambira. Mukangoti “ndatopa”, amati pepani, basi. Nenani chenichenicho: “Alamu, mawa munditungireko madzi.” “Amayi, mundigwirireko mwanayu ndigoneko ola limodzi.” Amayi a Mvano, a Dorika kapena anzanu a banki m'khonde akabwera ndi sopo kudzaona mwana, wina akati akuchapireni matewera, musakane ndi manyazi. Mpatseni beseni.

Abambo, inunso mverani. Kugula ndiwo sikukwanira. Tengani mwana usiku akamaliza kuyamwa, kolezani moto, perekezani akazi anu kuchipatala. Kwa amene ali pa ntchito yolembedwa, lamulo la ntchito m'Malawi limapatsa mayi masabata 8 atchuthi cholipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 limapatsanso bambo masabata awiri. Tchuthi chimenecho n'chosamalira mayi ndi mwana.

Kusemphana mawu m'banja ankhoswe amakonza. Kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana bala lisanapole, kapena kuletsedwa kupita kuchipatala ndi nkhanza, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 lilipo. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomva nkhani zoterezi.

Ngati chipatala chili kutali, imbani ku Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chikuthandiza dziko lonse. Kuimbako n'kwaulere, ndipo nambala yake mlangizi wa zaumoyo akupatsani.

Sikelo ikubwerayi, tulutsani buku lanu m'sutikesi, mulikulunge m'kajumbo limodzi ndi la mwana. Akamaliza kumuyeza, musanyamuke. Auzeni anamwino kuti, “Nanenso mundione.”