Phunziro la mwezi uno: Zimene banja la makolo anga latiphunzitsa

Mwezi uno ndikufuna tiphunzire kuchokera pa banja limodzi lomwe ndikulidziwa bwino kuposa lina lililonse, banja la bambo ndi mayi anga. Ndinawapempha chilolezo ndisanalembe, ndipo bambo anangoti, "Lemba, mwina wina apulumukirapo." Werengani nkhaniyi mokweza pa msonkhano wanu, kenaka mukambirane mafunso ali kumapetowo.

Chiyambi cha banja

Makolo anga anakwatirana mu 1984 m'mudzi wina m'boma la Ntcheu. Sanali anthu odziwika ayi. Bambo anabwera kudzakhala chikamwini kwa mayi, ndipo chuma chawo chinali makasu awiri, mphasa ndi dimba lomwe agogo anawagawira. Chaka chotsatira bambo analembetsa ku TEBA napita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Ine ndinabadwa iwo ali komweko. Mayi anatsala akulima chimanga ndi kachewere, nkumakagulitsa ku msika wa Lizulu, ine ndili kumbuyo.

Mu 1988 ulendo wa ku migodi unatha, pomwe maboma a Malawi ndi South Africa anasemphana pa nkhani yoyeza anthu a kuno kachirombo ka HIV. Nthawi imeneyo matendawa anali achilendo, poti munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno anapezeka mu 1985. Bambo anabwerako ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Anakhala telala pakhonde la sitolo, mayi akupitiriza za kudimba. Mayi amati zaka zimenezo ndi zomwe anakondwa kwambiri: madzulo aliwonse ankakhala pansi awiri nkuwerenga limodzi ndalama zomwe zalowa tsikulo.

Umphawi unawalekanitsa

Boma litayambitsa sukulu ya pulayimale yaulere mu 1994, ntchito yosoka yunifomu inalipo ndithu, koma zovala za kaunjika zinali zitadzaza m'misika. Ndani akanasoketsa malaya pomwe a kaunjika ndi otchipa? Mu 1996 bambo anaphimba makina aja ndi chitenje napita ku Limbe kukagwira ntchito ya ulonda. Ana tinalipo anayi.

Kumudzi ankabwera kawiri pa chaka, pa Khirisimasi ndi nthawi yokolola. Ndalama ankatumiza, sindinganame. Pa njala ya 2002, pomwe tinkadya phala la gaga kamodzi pa tsiku, mayi anagulitsa njinga ija, ndipo bambo ankatumiza kangachepe komwe apeza. Pa nkhani ya chakudya ndi fizi sanatayane. Koma panali nkhani imodzi yomwe sankaikamba. Maliro anali atachuluka m'mudzi, aliyense akunong'ona kuti "ndi zomwezi", koma mayi sanafunsepo bambo za moyo wa kutauni, ndipo bambo sananenepo kanthu. Mayi amati anamkungwi anawalangiza kuti banja ndi kupirira, mkazi safunsa mwamuna komwe wayenda.

Chaka cha matenda

Mu 2005 bambo anabwera kumudzi osati pa Khirisimasi ayi, koma atanyamulidwa. Anali ataonda, akutsokomola usiku wonse, mashingozi atawatuluka m'nthiti. Achibale anati awalodza kuntchito. Mbuzi zathu zitatu zinathera kwa asing'anga, koma matenda osasintha.

Tsiku lina m'mawa ndinamva mayi akulankhula motsitsa mawu: "Inu abambo, ndapirira zambiri, koma kukuikani m'manda ndisakudziwa chomwe chakuphani, ayi. Mawa tipite kuchipatala, tikayezetse tonse awiri." Bambo anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anaulula kuti ku Limbe anali ndi mkazi wina kwa zaka zingapo, ndipo mkaziyo anamwalira.

Kuchipatala anawapatsa uphungu, nawayeza. Bambo anapezeka ndi kachirombo komanso chifuwa chachikulu cha TB. Mayi sanapezeke nako. Anawauza kuti abwerenso pakatha miyezi itatu, chifukwa kachirombo kakangolowa kumene m'thupi sikaoneka msanga poyeza. Atabwereranso, analibe ndithu.

Apa ambiri amadabwa: zitheka bwanji? Zimatheka, anzanga. Pali mabanja ambiri omwe mmodzi ali ndi kachirombo pomwe mnzake alibe, chifukwa sikuti kamafala pa kugonana kulikonse. Koma umenewo ndi mwayi chabe, si chitetezo. Nchifukwa chake zotsatira za mnzako si zako. Aliyense ayezetse yekha.

Anasankha kukhala limodzi

Malume anga anauza mayi kuti amuthamangitse mkamwiniyo abwerere kwawo. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi kawiri. Mayi anakwiya kwambiri, ndipo anali ndi ufulu wonse wothetsa banjalo. Palibe akanawadzudzula. Koma anasankha kukhala, ataika malamulo awo: bambo asabwererenso kutauni, m'nyumba muzigwiritsidwa ntchito kondomu, ndipo pasakhalenso chobisa.

Mwayi wina unali wakuti mu 2004 boma linali litayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere m'zipatala zake. Bambo anayamba ndi mankhwala a TB, kenaka ma ARV. Mayi ndiwo anali owayang'anira, kuwakumbutsa kumwa m'mawa ndi madzulo. Chaka chisanathe, chitenje chija chinachoka pa makina.

Lero bambo ndi nkhalamba ya imvi. Maso ayamba kuvuta, ulusi amawalowetsera m'singano ndi adzukulu, koma yunifomu akusokabe. Amamwa mbulu umodzi pa tsiku, ndipo akawayeza amawauza kuti tizirombo tachepa kwambiri m'magazi mwakuti makina sakutiona. Mayi alibe kachirombo mpaka lero. Zaka zoposa 40 zadutsa ali pabanja, ndipo ayambiranso kuwerenga ndalama limodzi madzulo.

Tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, kupirira si kukhala chete. Makolo anga anapirira njala, umphawi ndi mtunda, koma chomwe chinatsala pang'ono kupha banja lawo ndi nkhani yomwe sankaikamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati uli pa chibwenzi ndipo ukuopa kufunsa mnzako kuti mukayezetse, dzifunse ngati mungadzathe kumanga banja.

Chachiwiri, munthu sungamudziwe ndi maso. Bambo anakhala zaka akuoneka athanzi, akubwera kumudzi ndi shuga ndi sopo, kachirombo kali m'thupi. Njira yodziwira ndi imodzi basi: kuyezetsa magazi. Yezetsani limodzi musanalowe m'banja, ndipo pitirizani kuyezetsa muli m'banjamo, makamaka ngati wina amagwira ntchito kutali.

Chachitatu, kuchedwa kumadula. Mbuzi zitatu zinapita pachabe, ndipo bambo anatsala pang'ono kufa. Inu muli ndi mwayi womwe iwo analibe. Kuyambira mu 2011, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo, kuteteza moyo wake ndi wa mwana. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Madokotala atsimikizanso kuti munthu yemwe akumwa ma ARV mwandondomeko mpaka tizirombo kusaoneka poyeza sapatsira mnzake pogonana. Palinso mankhwala otchedwa PrEP, omwe munthu wopanda kachirombo angalandire kuti adziteteze. Kafunseni kuchipatala chomwe muli nacho pafupi. Koma kumbukirani kuti ma ARV sachiza, amamwedwa moyo wonse, ndipo kondomu imatetezanso ku matenda ena opatsirana pogonana ndi mimba zosakonzekera.

Chachinayi, tisasale anthu. Anthu ena anasiya kubweretsa nsalu kwa bambo, ati angatengere matenda pa zovala. Bodza limenelo! HIV sifala pogwirana chanza, podyera mbale imodzi, pa zovala kapena polumidwa ndi udzudzu. Kusalana ndi komwe kumachititsa anthu kubisa matenda mpaka kufa nawo.

Mafunso okambirana mu kalabu

1. Nchifukwa chiyani mayi anakhala zaka zambiri osafunsa? Kodi malangizo otere akuperekedwabe kwanuko?
2. Mukanakhala ankhoswe a banjali mu 2005, mukanalangiza zotani?
3. Ndi ntchito ziti m'dera lanu zomwe zimalekanitsa mabanja kwa miyezi yambiri? Banja lotere lingadziteteze bwanji?
4. Chitani kasewero: mtsikana akupempha bwenzi lake kuti akayezetse limodzi, mnyamata akukana. Kenaka musinthane mbali.

Ntchito ya mwezi uno: aliyense apeze banja la achikulire m'mudzi mwake, awafunse mwaulemu zomwe adutsamo ndi zomwe amalakalaka akanakambirana kale. Mudzatiuze zomwe mwamva pa msonkhano wotsatira.