Kambalame kochokera ku Siberia m'mitengo ya ku Ntcheu

Mwana wanga, mvula ikayamba mu Novembala, ukayang'anitsitse m'nthambi za mthethe, kaya ndi ku Bwanje kapena m'mphepete mwa nkhalango ya Dzonzi. Udzaona kambalame kobiriwira motuwa pamsana, kachikasu pang'ono pachifuwa, kokhala ndi kamzere koyererako pamwamba pa diso. Sikakhazikika ayi: kamangodumphadumpha, kudompha tizilombo kunsi kwa masamba. Pachingerezi amakatcha willow warbler, ndipo dzina lake la sayansi ndi Phylloscopus trochilus; mawu akuti trochilus anachokera kwa katswiri wina, Linnaeus, mu 1758.

Kutalika kwake ndi masentimita 11 kapena 12. Kulemera kwake ndi magalamu ngati 9, mofanana ndi tisupuni tiwiri ta shuga. Gwiritsa nambala imeneyi, magalamu 9.

Tsopano mawu awiri ofunika. Kusamuka kwa nyengo ndi ulendo umene mbalame imayenda chaka ndi chaka, kupita ndi kubwerera, potsata chakudya. Dera la mbalame ndi malo onse amene mtundu wake umapezekako. Dera la kambalame aka lili pawiri. Kamaswana kumpoto, kuyambira ku Ireland mpaka kum'mawa kwa Siberia, kumene kamamanga chisa pansi m'maudzu. Chisanu chikamayandikira kumeneko, tizilombo timasowa, ndiye kamathawira ku Africa, kum'mwera kwa Sahara. Kuno sikaikira mazira. Kamafika cha mu Okutobala, n'kunyamuka cha mu Epulo.

Chovuta kumvetsa ndi mtunda wake. Mu 2018 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atamangirira tizipangizo tolemba ulendo pa timbalame tina ta kum'mawa kwenikweni kwa Russia. Tinauluka makilomita pafupifupi 13,000 mpaka kum'mwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kwa anansi athu enieniwa. Umenewo ndi ulendo wobwera wokha, ndipo wouyenda ndi wa magalamu 9 uja! Ine zimandizizwitsa mpaka lero.

Kamatha bwanji? Kasananyamuke kamadya kwambiri kuti kasunge mafuta m'thupi, ndipo kamauluka usiku, masana n'kutera kuti kadye. Kamasinthanso nthenga zonse kawiri pachaka, chinthu chosowa pakati pa mbalame, ndipo kusintha kumodzi kumachitikira kuno. Nthenga zobwerera nazo kwawo zimamera ndi tizilombo ta m'mitengo yathu. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona mapiri athu akumetedwa ndi ootcha makala.

Tenga kope lako, ulembe tsiku loyamba kukaona ndi tsiku lomaliza, ndiponso mtengo umene kanateramo. Mu Meyi udzandionetse.