LACHITATU: Danieli pa Sukulu ya ku Babulo

Werengani Danieli 1:3-16 ndi 2:12-19. Kodi anyamata anayi aja anapirira bwanji zipsinjo za maphunziro awo?

Danieli anatengedwa ukapolo m'chaka cha 605 B.C., naphunzira chinenero ndi mabuku a Akasidi zaka 3, kutali ndi kwawo. Ana athu a ku koleji amaudziwa mtolo wotere: fizi yosakwana, mayeso ogwa pa Sabata, mantha a kulephera. Ambiri amachezera pa mabuku atamwa khofi, kuiwala kuti ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu akagona. Danieli anayamba wasamala thupi lake, napempha zomera ndi madzi.

Koma taonani chimene anachita lamulo la imfa litatuluka. Sanadzitsekere m'chipinda. Anapempha nthawi kwa mfumu, napita kwa Hananiya, Misaeli ndi Azariya kuti apemphere pamodzi. Ife timafulumira kufunsa wophunzira za malikisi. Za tulo ndi mabwenzi sitifunsa. Ndipo nkhawa ikamulanda chakudya ndi tulo kwa milungu ingapo, kukaonana ndi dokotala si kuchepa chikhulupiriro ayi.

Mu mpingo wathu uno, ndani angakhale Hananiya wa wophunzira amene watopa?